Chaka chimene amuna anga ankawerenga mphamba

Ndinakwatiwa nkhondo yachiwiri ya azungu itangotha. Amuna anga anali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi doko la Liwonde, nthawi imeneyo anthu akuwolokabe Shire pa pantoni. Ku mishoniko kunali ansembe ena achizungu, okalamba, okonda mbalame kwambiri. Iwo ankati mphamba, akabawi ndi ziwombankhanga zina zimene timaziona mvula ikayandikira si zakuno, zimachokera kutali kumpoto kuthawa chisanu. Chaka chilichonse, kukayamba kutentha, ankakwera phiri la kuseri kwa sukulu kukaziwerenga zikamadutsa.

Chaka chimenecho maso awo anali atafooka, ndiye anapempha amuna anga kuti azikawawerengera ana akaweruka. Pankafunika anthu awiri, wina woyang'ana kumtsinje, wina kumapiri. Ine ndinali ndi pakati, miyendo itatupa. Amuna anga anatenga msuweni wawo, mwana wa amalume awo, namwali wamtali wa mano oyera amene ankakhala tsidya la dambo.

Chisuweni ndinkachidziwa. Asuweni amaseleulana, amatchulana amuna anga, akazi anga, ndipo palibe amadabwa. Koma kumva mkazi mnzako ataima pabwalo pako, mpango uli mbee, akufunsa ngati amuna ake akonzeka, mtima sumva za mwambo. Ndinkamupatsa moni bwinobwino, kumuyalira mkeka, m'kati mukuyaka moto.

Ankanyamuka aliyense ndi chikho chake ndi chimanga chamaso m'kathumba. Mbalame ikadutsa, aponye njere imodzi m'chikho. Madzulo ankatsika akukangana ndi kuseka, wina akuti mnzake waponya njere pa khwangwala. Ndikafunsa chimene akuseka, amuna anga ankayamba kundifotokozera, n'kulekeza pakati, ati ndi zoti munthu uzione wekha. Mawu amenewo ankandipweteka kuposa kuseka kwawoko.

Ndipo mphamba zomwezo zinkanditha anapiye. Tsiku lina imodzi inatsika ine ndikupeta, n'kunyamula kamwanapiye pafupi ndi phazi langa. Nditawauza amuna anga, anandifunsa ngati mchira wake unali wamphanda. Ndinangolowa m'nyumba. Kuchitsime nako azimayi ankandifunsa, ena m'Chiyao kuti ndisamvetse bwino, ngati kumwamba kuli mbalame zambiri chotero zoti n'kufuna anthu awiri.

Mvula ya chizimalupsa itagwa, ndinaganiza zokadzionera ndekha. Ndinawasiya apite, kenaka ndinatsatira pang'onopang'ono, ndikugwira mitengo, ndikupumira m'njira. Nditafika pamwamba ndinabisala kuseri kwa mwala.

Ndinawapeza atakhala motalikirana, atafulatirana, makosi ali m'mwamba. Sankalankhulana n'komwe. Ansembe anali pakati pawo akusinza pansi pa ambulera. Ndinadikira mpaka msana unayamba kuwawa, koma chimene ndinamva ndi njere zokha zikugwera m'zikho. Manyazi anandigwira, ndipo ndinatuluka poyera kuti ndiwapatse moni ngati wongobwera kudzacheza.

Amuna anga anadzidzimuka, nandikhazika pamthunzi, nandidzudzula mofatsa chifukwa chokwera phiri ndili choncho. Tili m'kati molankhula, ngumbi zinayamba kutuluka m'zulu za kuchigwa. Posakhalitsa kumwamba kunadzaza. Mbalame zinachokera kumpoto mazanamazana, zazikulu ndi zazing'ono, zikuzungulira ngati kamvuluvulu, zina zikutsika kudzawakha ngumbi ndi zikhadabo n'kumadyera m'mwamba momwemo. Ngakhale ine ndinayasama.

Amuna anga anaimirira, chikho chinagubuduka. Nkhope yawo inawala mmene ndinali ndisanaionerepo, ngakhale tsiku la ukwati wathu. Ine ndinali pambali pawo penipeni, koma iwo anatembenukira uko.

"Asuweni, taonani! Zija tinkadikira zija ndi izi!"

Namwaliyo anathamanga kudzaima nawo, onse awiri akuloza, akuseka, misozi ili m'maso. Patapita kanthawi ndi pamene anandikumbukira.

"Inu amayi, mwaziona?"

"Iyayi," ndinatero, "ndimayang'ana inu."

Sanamve chimene ndinkatanthauza. Anangoseka, nandigwira mkono potsika phiri, akundisankhira popondapo pabwino. Msuweni uja ananditsogolera akuthyola nthambi zaminga. Onse awiri anandichitira zabwino njira yonse, ndipo ndinasowa woti ndimukwiyire.

Mwana anabadwa chimanga chili m'mawondo, wamkazi. Msuweniyo ndiye ankanditungira madzi ndili m'chikuta. Dzinja litatha anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Balaka wogwira ntchito ya njanji, ndipo anasamukira kumeneko. Tsiku lomuperekeza ndinavina kuposa aliyense, mpaka apongozi anga anandiyamikira kuti ndimakonda abale a amuna anga.

Chaka chotsatira ndinakwera phirilo ndine, mwana kumbuyo. Ndinkawerenga mosamala, ndipo ansembe ankandiyamikira. Koma khosi linkandiwawa, dzuwa linkanditentha, ndipo mbalamezo sizinandilowe mumtima. Amuna anga ankaona zimenezo, ndiye ankandiuza kuti ndizipumula, iwo aziyang'ana mbali zonse ziwiri. Tinkatsika mwakachetechete. Loweruka lina anati akufuna kupita ku Balaka kukamuuza msuweni wawo mmene mbalame zadutsira chaka chino. Ndinawachapira malaya, ndinachapanso anga, ndipo tinapita tonse.