Malume akana mawu a achimwene

Sabata ino chakudya sichikulowa, abale. Loweruka lapitali ndinachita manyazi kwathu ku Mitundu, ndipo manyazi angawo angathe kuchotsa mayi wamasiye pamunda.

Achimwene anga a Lufeyo anatisiya chaka chatha. Matenda atakula, anaitanitsa wailesi yakaseti n'kujambula mawu. Anati mkazi wawo Nachisale, amene anamutenga chitengwa ku Nathenje, asadzabwezedwe kwawo, akhale pamunda wa fodya alere ana. Kasetiyo anandisungitsa ine.

Ndi nzeru zanga za m'tauni ndinati kaseti sichedwa kuwonongeka. Ndinapita nayo pashopu ina ku Lilongwe, anaika mawuwo m'kompyuta, n'kundikopera pa sidi. Posakhalitsa wailesi yanga inatafunadi riboni yonse ya kasetiyo, koma mtima unali m'malo. Sidi ndinali nayo, yonyezimira bwino, ngakhale ndinalibe choimbira choti ndiimvetsere.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lokambirana zosudzula litakwana, tinabwereka choimbira kwa aphunzitsi, n'kulumikiza ku batire ya galimoto. Akuchimuna anakhala uku, a ku Nathenje uko. Ndinadina.

Kunatuluka timawu tating'ono tothamanga, ngati kamwana kamene kakupirikitsidwa ndi galu. Ena kumbuyo anaseka.

Malume a Chimkwita, omwe ndi eni mbumba, anatembenukira kwa ine. "Mphwanga, ameneyu ndani? Lufeyo ndinamulera ine, mawu ake anali obangula. Izi mwakapanga kutauniko ndi mlamu wakoyu."

Anaimitsa nkhani mpaka Loweruka likudzali. Anthu akubalalika, Nachisale anandipeza kuseri kwa chigafa. "Alamu, ndiuzeni zoona. Ndiyambe kumanga katundu?"

Lolemba ndinalawirira kushopu kuja ndili wokwiya. Mwini shopu anamvetsera, n'kutsegula fayilo imene mwamwayi inali idakali m'kompyuta mwake.

"Pepani bambo, mawu ali bwinobwino," iye anatero. "Kompyuta imasunga mawu m'tizidutswa tambirimbiri. Pamutu pa fayilo pamalembedwa nambala youza makina kuti pa sekondi imodzi atulutse tizidutswa tingati. Apa panalembedwa nambala yowirikiza kawiri, ndiye makina akuthamanga kawiri, mawu n'kumamveka ngati a mwana."

Ndinamufunsa ngati makinawo samva okha kuti uyu ndi munthu wamkulu. Anaseka. Akuti makina samvetsera, amangowerenga zolembedwa pamutupo n'kutsatira. Ndinakumbukira tikiti ya pabelo la fodya: ukailemba molakwika, tsamba m'katimo silisintha, koma belo limapita kwina.

Anasintha nambala ija, ndipo achimwene analankhula. Mawu awo enieni, ndi kachifuwa komwe. Ndinalira pamaso pa anthu odzajambulitsa makadi aukwati.

Tsono taonani mmene tikuthamangira masiku ano. Makwaya akusamutsa nyimbo zawo, mabanja akusamutsa makaseti a maukwati, kenako kaseti ija ana akuseweretsa pabwalo. Ndani amakhala pansi kumvetsera sidiyo asanataye kaseti? Ndi angati akusunga agogo awo m'kabati osadziwa kuti akulankhula ngati makanda?

Ndipo ino ndi nthawi ya matipate. Tazolowera kumva munthu akulankhula pa wailesi lero, mawa n'kukana kuti si iye. Anthu aphunzira kukayika chilichonse chotuluka m'sipika. Kodi malume ndingawadzudzule?

Lachitatu ndinakwera minibasi, sidi yatsopano ili m'thumba la jekete, ndipo malume ndinawapeza pamsika wa Mitundu akugula mpini.

"Malume, akonza. Tsopano akumveka bwino."

"Akonza?" Anasiya mpini uja. "Mawu a munthu wakufa amakonza? Tsiku lija analankhula zina, lero mwamukonza. Nanga mukamukonzanso mawa adzanena chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza za nambala ndi tizidutswa, koma ine ndemwe ndimadzimva kuti ndikulankhula ngati wakuba.

Nachisale anafesa kale nazale kudambo. Amathirira m'mawa ndi madzulo, osadziwa ngati wodzawokera mbande za fodyazo ndi iye kapena wina. Ana ake awiri ali pasukulu ya kumudzi komweko. Ndili ndi mantha, abale, chifukwa ngakhale malume akazindikire mawu a mphwawo Loweruka, liwu lija ndinalitulutsa kale ndekha pakati pa msika, lakuti akonza.

Inu odziwa, tandithandizeni tsiku lisanafike. Nkhalamba imene inaika mphwake m'manda ndi manja ake ndikaiuza bwanji kuti chimene takonza ndi nambala, osati mawu?