Ngumbi za m'chikwama cha amalume

Amalume anga a Jameson amaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina ku Kopong, kuno kudziko la eni. Ndi munthu wa tayi ngakhale dzuwa litakwiya bwanji, ndipo m'kombi, minibasi za kuno, sayankhula Chichewa. Ine ndinali m'kalasi mwawo chaka chatha, ndiye izi sindinachite kumva.

Phunziro la pamtima pawo n'loika zamoyo m'magulu. Amajambula mtengo wa nthambi pabolodi, n'kumati, "Maonekedwe amanamiza. Funsani kuti kholo lake ndani."

Mvula yoyamba itagwa anabwera ndi ngumbi zamoyo m'botolo. Anati chiswe, ngakhale chimakhala m'chigulu ngati nyerere, si mbale wa nyerere ayi. Nthambi yake ili pamodzi ndi mphemvu, kholo n'limodzi.

Kenneth, mnyamata wa konkuno wapakamwa, anakweza dzanja. "Sir, si inu Amalawi mumakazinga zimenezi? Ndiye mumadya mphemvu eti?"

Kalasi inafa nako kuseka. Amalume anagwira tayi. "Amadya ndi akumudzi osaphunzira. Ine ayi."

Kutsogolo kunali Taonga, mwana wa a Maness, Mmalawi mnzathu, ogwira ntchito ya m'nyumba ku Phakalane. M'mawa womwewo anali atawapatsa amalume kachitini ka ngumbi zokazinga kochokera kwa mayi ake. Kanali m'chikwama, patebulo pomwepo, kafungo kakumveka.

Taonga ndiye ankatiposa tonse bayoloje. Kuyambira tsiku limenelo anasamukira kumbuyo, dzanja osakwezanso, kenaka anakapempha kwa ahedi kuti asiye phunzirolo. Amalume kunyumba ankangotosa chakudya.

Lamlungu anandiuza kuti ndiwaperekeze ku Gabane, komwe a Maness amakhala m'kachipinda kakuseri. Tayi anaisiya. Anayamba kupepesa ali chiimire pakhomo.

"Khalani kaye pansi, aphunzitsi," anatero a Maness. Analowa, n'kutuluka ndi mbale yodzaza. "Mphemvu zanu izi. Ife osaphunzirafe mchere timathira wambiri, mutikhululukire."

Amalume anasamba m'manja. Anadya chozyolika, osasiyako ngakhale mutu umodzi, Taonga atatsamira chitseko akuwayang'ana.

"Mawa tili pa bowa," amalume anatero kwa Taonga, osadzutsa nkhope. "Ndi wapafupi ndi nyama kuposa zomera. Ubwera?"

"Nawonso simudya, sir?"

"Ndimadya, mwanawe."

Lolemba Taonga anabwera. Anakhala kumbuyo komwe kuja, ndipo amalume sanamuuze kuti asunthe.