Mpira Woyera Wobenthuka

Pa desiki yanga pali mpira woyera wa pulu umene ndimapsinjira mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Kuyera kwake kunatha kalekale; tsopano uli ngati dzino la munthu wosuta, ndipo mbali imodzi ndi wobenthuka pamalo pokwana nsonga ya chala. Anzanga a ku ofesi amaganiza kuti ndinali katswiri wa masewerawa, koma sindinakhalepo katswiri. Mpirawu anandipatsa ndi amalume m'nyengo yosankha fodya, ndili mwana wa pulayimale kwathu kwa Kaluluma.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi. Anafika kwathu mvula ili pakati, atachotsedwa ntchito pa esiteti ina chifukwa cha kachasu. Bambo anali ku Joni ndipo fodya wathu analibe womuyang'anira, choncho amayi anawalandira, koma ndi lamulo limodzi limene analinena ine ndikumva: "Achimwene, tsiku limene mudzalawe, mudzanyamule chikwama chanu." Amalume anangogwedeza mutu movomera. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti amayi sananene zimenezi mwankhanza. Analibe mphamvu zolera ana atatu pamodzi ndi chidakwa.

Pa fodya amalume anali ndi dzanja. Ndimakumbukira m'chigafa mwathu, fungo la masamba ouma lotsamwitsa pakhosi, ndi phula lakuda lomata ku zala limene sopo ankalilephera. Amalume ankangokhudza tsamba n'kuliponya pa mulu wake asanaliyang'ane n'komwe, ndipo amayi akabwera kudzaona, sankapeza lolakwika.

Dzuwa likapendeka, amalume ankasamba n'kupita ku sitolo ya Msilamu wina pa malo a malonda. Pakhonde la sitoloyo panali tebulo la pulu. Mwini sitolo sankagulitsa mowa ndipo sankalola munthu kufika ndi botolo pakhonde pake, n'chifukwa chake amayi ankalola ulendowu. Kwa munthu amene wasiya mowa m'nyengo imene mabelo a fodya akugulitsidwa ndipo mudzi wonse ukununkha kachasu, khonde limenelo linali malo okhawo okhala pakati pa amuna anzake. Masiku ambiri amayi ankati, "Pita nawo amalume ako." Ine ndinkaganiza kuti akundikomera mtima. Panapita zaka ndisanazindikire kuti ankandituma kukakhala maso awo.

Anyamata ambiri ankamenya mpira ngati akuwaza nkhuni. Amalume ayi. Ankawerama pang'onopang'ono, chibwano pafupi ndi ndodo, n'kukankha mofatsa. Mpira woyera unkagunda unzake ndi kamawu kouma, kha, unzakewo n'kuyenda mosafulumira mpaka kugwera m'dzenje, woyerawo n'kuima pamalo pamene iwo anali ataloza kale ndi nsonga ya ndodo. "Mpira samenya, mphwanga, amauperekeza," ankatero. Panalibe wowagonjetsa, ngakhale aphunzitsi athu a masamu amene ankabwera ataweruka, choko chili mbuu m'manja.

Tsiku lina mnyamata amene anali atangogulitsa mabelo ake anamenya mwamphamvu, mpira woyera n'kudumpha tebulo, n'kukagwera pa ngodya ya sitepe ya simenti. Unabenthuka. Atauyesa, unkayenda mokhota ngati njinga yopindika gudumu. Mwini sitolo anaupereka kwa amalume, iwo n'kundiponyera ine. Patapita masiku ochepa mwini sitoloyo anabwera kuchokera ku Boma ndi bokosi la mipira yatsopano, yonyezimira ngati maswiti. Pokhala munthu wosamala katundu, sanaike yonse. Anaika woyera ndi ina ingapo m'malo mwa imene inali itafwifwa, yotsalayo n'kuisunga kuseri kwa kauntala. Sindimuimba mlandu. Mitundu inali yofanana, kukula kunali kofanana, ndipo diso silikanaona kusiyana kulikonse.

Kuyambira sabata imeneyo amalume anayamba kuphonya. Ankaperekeza mpira monga kale, koma unkakaima pakamwa penipeni pa dzenje ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Akawonjezera mphamvu, wina unkathamanga mopitirira n'kugunda milomo ya dzenje, n'kubwerera. Woyerawo sunkaimanso pamene aloza. Unkanjanja kubwerera m'mbuyo kapena kupatukira kumbali. Chimene chinkatisokoneza tonse n'chakuti mipira ina inkagwa bwinobwino, ina n'kukana, pa masewera amodzi omwewo. Amalume anasintha ndodo. Anapaka choko kunsonga kwa ndodo mpaka buluku lawo linachita buluu. Tsiku lina anagwada n'kulowetsa kachidutswa ka katoni pansi pa mwendo wa tebulo. Anyamata omenya mwamphamvu aja sanaone kusintha kulikonse, ankagwetsa ndi kuphonya monga mwa masiku onse.

Kenaka aphunzitsi aja anawagonjetsa amalume, koyamba chiyambire. Akubwezera ndodo pakhoma anati, "Tebulo ndi lomweli, ndodo ndi yomweyi. Nanga chasintha n'chiyani, akulu?" Mnyamata wina kumbuyo anayankha kuti dzanja layamba kuvina, wina n'kuwonjezera kuti mwina ludzu lakale labwerera. Anthu anaseka, amalume nawonso anaseka pang'ono, akuyang'ana zala zawo.

Mpira wanga wobenthuka ndinkayenda nawo m'thumba la kabudula, ukundimenya pantchafu. Tsiku lina woyera watsopano uja unagwa pa tebulo n'kugubudukira kumapazi anga. Ndinautola ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba, ndipo ndinamva kuti wangawo ndi wolemera ndi wozizira ngati mwala wa mumtsinje, pamene watsopanowo unali wopepukirapo ndi wokhakhala pang'ono. Pobwerera ndinawauza amalume, koma ndinanena modzitama, monga mwana amene ali ndi chinthu choposa cha anzake, kuti wanga ndiye weniweni. Iwo anati, "Mpira ndi mpira, mphwanga. Wakowo ndi wobenthuka." Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo ine sindinaone kugwirizana kwake ndi kuphonya kwawo.

Mawu a pakhonde anafika kwa amayi. Aphunzitsi anakumana nawo pa chigayo n'kuwauza, ndikhulupirira ndi mtima wabwino, kuti awayang'anitsitse achimwene awo. Amayi anandifunsa kumene amalume amakhotera tikamabwerera. Ndinati sakhotera kulikonse, ndipo zinali zoona, koma panali masiku amene ankapita okha ine nditatumidwa kwina. Ndinawaona amayi akununkhiza malaya a amalume asanawaviike m'madzi. Ankanunkha fodya, ndipo fodya amakwirira fungo lina lililonse.

M'mawa wina ndinawapeza amalume kuseri kwa chigafa atatambasula dzanja, ataika tsamba la fodya pamwamba pake, akuliyang'anitsitsa. Tsambalo linkagwedezeka. Koma kunali kamphepo kozizira ka mwezi wa Juni, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chinkaligwedeza chinali dzanja kapena mphepoyo. Ndikukayika ngati iwo eniwo ankadziwa.

Amayi anawafunsa tikusankha fodya, osakweza mawu: "Achimwene, anthu akulankhula. Ndiuzeni nokha." Amalume anayankha kuti, "Sindinalawe, mlongo wanga. Koma dzanjali silikundimvera, ndipo sindikudziwa chifukwa chake." Amayi anati mabelo akapita adzakambirana. Sanawathamangitse. Amalume sanadikire mabelowo, anachoka mwa kufuna kwawo. Fodya wotsala tinasankha ife ndi amayi, ndipo belo limodzi linakanidwa kumsika chifukwa chosakaniza masamba. Chaka chisanathe tinamva kuti amalume ali pa esiteti ina kutali, ndipo akumwa. Amayi anati, "Ndinadziwa ine." Amalume anamwalira komweko ndisanamalize sekondale.

Ndili ku koleji ya zaulimi ndinabwereka mpira woyera wotchipa pa tebulo lina, n'kuuika pa sikelo yoyezera mbewu, kenaka n'kuikapo wanga. Wanga unalemera kuposa winawo, ngakhale unali wobenthuka. Kuyambira pamenepo ndaganizira nkhaniyi mwadongosolo. Mpira wopepuka ukagunda wolemera suupatsa liwiro lokwanira, ndipo umanjanja m'malo moima. Mpira wokhakhala umakoka unzake n'kuupatutsa pang'ono pa mzere. Pa tebulo la mipira yosakaniza, mphamvu yoyenera mpira uwu imachepa kapena kuchuluka pa winawo. Womenya mwamphamvu sazimva zimenezi, chifukwa mphamvu imakwirira kusiyanako. Amene amavutika ndi munthu woperekeza, amene dzanja lake linaloweza kulemera kumodzi. Zikuoneka kuti luso lawo lomwelo ndilo linawapweteka amalume.

Komabe umboni wanga ndi woperewera. Mpira umene ndinayeza si uja wa pakhonde. Tebulolo linagulitsidwa kale. Chimene ndili nacho ndi kukumbukira kwa manja a mwana. Sindingatsimikize kuti masiku amene ankapita okha sankakhota, ndiponso sindingadziwe ngati mowa unabwerera asanachoke kwathu kapena chifukwa chochoka. Nditawafotokozera amayi zonsezi, anautenga mpirawo, n'kuuyeza m'dzanja lawo nthawi yaitali. "Kampira aka?" anatero, n'kundibwezera, ndipo sitinaikambenso.

M'mawa umene amalume ankachoka, wakabaza atamangirira kale chikwama chawo pa njinga, ndinawathamangira ndi mpirawu m'manja. Ndinali nditaganiza ndekha kuti mwayi wawo unatsalira mu mpira umenewu, ndipo ndikawabwezera ayambanso kugwetsa, anthu asiya kuseka, chikwamacho chimasulidwa. Anauyang'ana, n'kupinda zala zanga pamwamba pake. "Sunga, mphwanga. Vuto si mpira." Njingayo inalowa m'njira ya pakati pa mapesi a fodya, ine nditaima ndi mpira wozizira m'dzanja. Ndinali nditawamva ndi makutu anga akunena kuti sanalawe, ndipo amayi sanawauze kuti apite. Sindinkamvetsa chifukwa chimene munthu woteroyo ankachokera m'mamawa, mutu uli pansi, akubisa dzanja lamanja m'thumba la jekete.