Andiika chipinda chimodzi ndi bwana m'sitima

Moni nonse pagulu pano.

Paja ndinakuuzani kuti mabwana anga kuno ku Midrand, ku Joni, akupita kutchuthi pa sitima yapamadzi yonyamukira ku Durban, ndipo akunditenga kuti ndizikalera ana. Tinagwirizana kuti ine ndi ana tizikagona chipinda chathu, iwo chawo.

Lero masana ndikusita, madamu andiitana. "Esnart, ine sindipitanso, mayi anga agonekedwa m'chipatala. Chipinda china chija tabweza, nonse mukakwana m'chimodzi."

Andionetsa chithunzi pafoni. Ndi kachipinda kopanda ndi windo lomwe. Ana akagona pa mabedi osanjikiza, ine pa kabedi kapambali, bwana pa bedi lalikulu. Atangotambasula mkono akhoza kundigwira.

Asisi, bwanawa ndi bambo omwe amandidikirira pakhomo la bafa madamu akachoka. Nditakumana nawo lero, bwana angomwetulira, amvekere, "Usadandaule, ana amagona msanga."

Kuno ku Joni zitavuta ndikhoza kuthamangira takisi, koma pakati pa nyanja ndikathawira kuti?

Ndikakana, ntchito yatha. Ndikawauza madamu, andikhulupirira? Amalume, asisi, ndiyankhe chiyani? Pasipoti yanga akuifuna mawa m'mawa.