Manambala a M'mpanda

Envelopu yake inali yakhaki, yaikulu ngati thireyi. Inafika kudzera m'bokosi la makalata la sukulu yathu, chifukwa m'mudzi monse munalibe munthu wokhala ndi bokosi lakelake ku positi ofesi ya pa Boma. Aphunzitsi anandiitana pa nthawi yopuma n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati ndikapereke kwa amalume osaipinda, osaikhalira, ndiponso osaifunda kumutu ngakhale chiperoni chitalimba bwanji. Ndinali mu Sitandade 7. Ndinailowetsa m'malaya n'kuyenda chowongoka mpaka kunyumba, ngati andimangirira thabwa pamimba.

M'katimo munali buku la masamba osalala, lonunkhira ngati nsapato zatsopano. Linali lipoti la pachaka la kampani ina ya ku Blantyre yopanga mafuta ophikira, imene amalume anali mmodzi mwa eni ake. Izi ndikunena ndi ulemu wonse. Atapuma ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya tiyi, anatenga theka la ndalama zawo zopumira n'kukagula masheya. Ndikaganizira lero, gawo lawo m'kampanimo mwina linali lokwana chitseko chimodzi cha chimbudzi cha alonda. Koma chitseko n'chitseko. Kuyambira tsiku limenelo sankanenanso kuti “kampani ija”. Ankati “kwathu kuja”.

Theka linalo linali likadali kubanki, ndipo ndi limene linali pamlandu nyengo imeneyo. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho za pakhomo pathu ankaziona ndi amalume, eni mbumba. Nyumba yathu inali yaudzu, ndipo udzuwo unali utatopa. Chiperoni sichigwa ngati mvula ina yomwe imabwera ndi phokoso n'kupita. Chimangokhala, masiku atatu, anayi, n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka bulangeti limanunkha ngati galu wonyowa. Amalume anali atalonjeza amayi malata mvula ya dzinja isanayambe. Koma analinso ndi ganizo lina: kutenga ndalama zomwezo n'kuwonjezera masheya, kuti malata adzagulidwe ndi phindu, a nyumba ziwiri, mwinanso ndi khitchini. Bukulo ndi limene linayenera kugamula.

Tinaliwerenga milungu itatu, masana aliwonse ndikaweruka kusukulu, titakhala pakhonde la amalume, phiri litabisala m'nkhungu ngati silinakhaleko. Chingerezi cha amalume chinali cha kuesiteti, cha makilo ndi maovataimu, ndiye wowerenga ndinali ine. Ankanditchula kuti akalaliki. Ndinkawerenga mokweza, liwu ndi liwu, ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala yoterera, ndipo palibe chimene ndinkamva. Amalume ankangogwedeza mutu pamene mawu anga atsika.

Anali ndi njira zawo zoyezera kampani. Yoyamba inali kulemera. Munthu amene wakhala zaka zambiri akuyeza madengu a tiyi sasowa sikelo. Analiika bukulo padzanja, n'kulikweza, n'kulitsitsa, n'kunena kuti la chaka chatha linali lopepukirapo. Yachiwiri inali masaya. Patsamba lachitatu panali zithunzi za akuluakulu a kampani, ndipo amalume ankawayang'ana mmodzimmodzi monga mmene munthu amayang'anira mbuzi pamsika. Kampani yodwala, ankatero, imaonekera pakhosi la malaya. Amayi anasuzumira tsiku lina akudutsa ndi ndowa pamutu.

“Masayawo ndi ndalama zanu, achimwene.”

Amalume anangotembenuza tsamba mwaulemu.

Njira yachitatu ndi imene inatitengera kutali. Chapakati pa bukulo panali masamba a manambala okhaokha, mizere iwiri, wina wa chaka chatha, wina wa chaka chimenecho. Amalume anaona chinthu chimene ine sindinachione. Mumzere wa chaka chimenecho, manambala ambiri anali otsekeredwa ndi timizere tiwiri tokhota, kena kutsogolo, kena kumbuyo. Nambala ya pansi penipeni, yolembedwa mokhuthala, nayonso inali yotsekeredwa, pamene inzake ya chaka chatha inali pamtetete. Anaganiza masiku awiri. Tsiku lachitatu anandikhazika pansi n'kundiuza chigamulo.

“Akalaliki, munthu samanga mpanda pamunda wopanda kanthu.”

Kuesiteti, anatero, mpanda unali m'malo atatu: kunazale ya mbande, kunyumba ya bwana wamkulu, ndi kuofesi yolandirira malipiro. Kodi anamangapo mpanda kudzala? Choncho manambala a m'mpandawo anali ndalama zimene kampani yapatula n'kuzitchingira, kuti antchito ndi akuba asazikhudze, zikudikira eni ake. Ine ndinaona kuti nzeru imeneyi inalibe pothawira. Kunena zoona, mpaka lero ndimaona kuti ikanayenera kukhala yoona, kungoti dziko silinafunse amalume.

Pofuna umboni wachiwiri, anaitana aphunzitsi Loweruka. Amayi anaphika chinangwa ndi tiyi, n'kutulutsanso nyemba za kalongonda zomwe anali ataziwiritsa dzulo lake lonse. Aphunzitsi anasamba m'manja kawiri asanagwire bukulo. Analiyang'ana nthawi yaitali, chala chikutsika ndi mzere.

“Awa ndi mabulaketi, bambo. M'masamu, za m'mabulaketi ndi zimene timayamba nazo.”

Amalume anawomba pabondo. Ndiye kuti, anatero, pogawa ndalama a kampani adzayambira zimenezi. Aphunzitsi anati lamulo la masamu silisintha, kaya ndi ku Mulanje kaya ndi ku Blantyre, ndipo anawonjezera kalongonda m'mbale mwawo.

Sindiwaimba mlandu aphunzitsi. Anayankha zoona, koma za m'munda mwawo. Ine ndinakafika ku koleji, n'kuphunzira zowerengera ndalama chaka chimodzi ndi theka, kufikira pamene ine ndi kolejiyo tinagwirizana kuti tisiyane mwamtendere. Mlungu wachiwiri wa chaka choyamba, tinauzidwa kuti m'mabuku a kampani nambala ikakhala m'mabulaketi ndiye kuti ndi ndalama zotuluka, ndipo ikakhala ya pansi penipeni ndiye kuti kampani yaluza. Ndinaseka ndekha m'kalasi yonse mpaka anandifunsa ngati ndili bwino. Pa zonse zimene ndinaphunzira kumeneko, chimenechi ndicho ndinabwerera nacho kunyumba chili chathunthu.

Amayi analibe buku, koma anali ndi chiwaya. Ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pamsika wa pa Boma, ndipo ankadziwa mafuta amene mayi aliyense wa pamsikapo ankagwiritsa ntchito. Onse anali atasiya a m'mabotolo. Ankagula a m'zigubu zachikasu, ochokera ku Milange, kutsidya kwa malire, amene anyamata a kabaza ankabwera nawo kuchokera pachipata cha Muloza atawamangirira atatuatatu. Anali otsika mtengo ndipo sankachedwa kutentha. Madzulo ena amayi anawauza amalume mosakweza mawu kuti mabotolo a kwawo kuja anali ndi fumbi pashelefu m'magolosale onse a pa Boma.

“Fumbi mulibe m'bukumu, achemwali,” anatero amalume, akutafuna mandasi okazingidwa ndi mafuta a ku Milange.

Lero nanenso ndimagula timasheya pafoni, tochepa, tokwana mwina loko wa pachitseko chija. Lipoti likatuluka ndimayang'ana ngati phindu lachokera pa malonda kapena pogulitsa nyumba ndi magalimoto a kampani, ndi kukula kwa ngongole zake. Kenako ndimapita kumsika kukaona mashelefu. Njira yachiwiriyi sinandinamizepo, ndipo mwini wake, amayi anga, sanafike Sitandade 5.

M'envelopu muja munalinso kalata yoitanira eni masheya onse kumsonkhano wa pachaka. Amalume anakonza zonse pa tsiku limodzi: m'mawa kumsonkhano, masana kubanki ndi kuofesi yogulitsa masheya. Ine ndinatengedwa kuti ndikanyamule buku. Jekete lawo linatuluka m'bokosi la mkungudza wa ku Chambe, paphiri la Mulanje, likununkhira mtengowo moti anthu m'minibasi ankatembenuka. Amayi anatipatsa mandasi anayi m'pepala n'kuti tiyende bwino. Anabwerera m'nyumba kukasuntha mphasa pamalo pamene pankadontha.

Msonkhano unali m'chipinda chachikulu cha hotela, chokhala ndi kapeti yomwe inkameza phokoso la nsapato. Pampando uliwonse panali botolo la madzi, laulere. Akuluakulu a patsamba lachitatu anakhala kutsogolo, ndipo ndinaona kuti masaya awo sanali ngati a pazithunzi. Analankhula Chingerezi nthawi yaitali. Itafika nthawi ya mafunso, anthu angapo anaimirira n'kulankhula mokalipa, ena akumenya bukulo ndi chala. Ine ndinaganiza kuti ndi mmene anthu a ku Blantyre amalankhulira.

Kenako amalume anakweza dzanja. Anawabweretsera maikolofoni, ndipo anaigwira ndi manja awiri.

“Ine ndachokera ku Mulanje. Ndilibe funso. Ndangobwera kudzathokoza inu akuluakulu, kuti chaka chino ndalama zathu mwazimangira mpanda. Ndaona manambala onse mmene mwawatchingira, makamaka yaikulu ya pansi ija. Ambuye akudalitseni.”

Kumbuyo wina anatsokomola, wina anayamba kaphokoso kapamphuno n'kukameza. Wapampando, bambo wa imvi, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Anayankha m'Chichewa, koyamba tsiku limenelo.

“Bambo, zikomo poyenda ulendo wonsewu. Mpandawo ife sitinaufune. Mutipempherere kuti chaka chamawa tiugwetse.”

Atatero anayamba kuwomba m'manja, ndipo chipinda chonse chinamutsatira. Ine ndinawomba kuposa onse, mpaka zikhato zinatentha.

Pafupi ndi amalume panakhala mayi wina wachikulire wovala magalasi a tcheni. Anthu akuwombabe, anatenga buku lathu, n'kutsegula tsamba lija, n'kulemba kamzere kakang'ono kopingasa kutsogolo kwa nambala yaikuluyo. Anawanong'oneza amalume mawu ochepa. Amalume anakayang'ana kamzereko nthawi yaitali, kenako anatseka bukulo n'kuliika pansi pa mkono wawo. Sanandipatsenso kuti ndinyamule.

Panja panali tebulo la zakudya. Amalume sanadye kanthu, ndiye ine ndinadya masamusa a anthu awiri, monga woimira banja. Titatuluka ndinawakumbutsa za kubanki ndi kuofesi ya masheya. Anati maofesiwo atseka. Dzuwa linali lisanapendeke n'komwe, koma ndinaganiza kuti mwina ku Blantyre amatseka msanga pa tsiku limene eni kampani ali m'tauni.

M'minibasi amalume analankhula kamodzi kokha, titayamba kuona minda ya tiyi. Nkhope ili kuwindo, anati, “Khola lilipo, akalaliki, koma mbuzi mulibe.” Ndinayang'ana panja msangamsanga, koma sindinaone khola lililonse.

Tinafika dzuwa likulowa, amayi akuanula zovala zomwe sizinaume. Sindinadikire kuti andifunse. Ndinawauza zonse: kapeti, madzi aulere, masamusa, ndiponso kuti amalume analankhula pa maikolofoni, wapampando n'kuwayankha m'Chichewa, Blantyre yense n'kuwawombera m'manja. Ndinabwereza mawu a amalume onse ndi mawu a wapampando onse, osasiyako ngakhale limodzi, chifukwa mutu wanga unali wakuthwa kalelo. Amayi anamvetsera, zovala zili paphewa. Anawayang'ana achimwene awo, ndipo achimwene awo ankayang'ana nsapato zawo.

“Ndiye mwatopa, achimwene,” anatero amayi. “Madzi ndatenthetsa.”

Panalibe funso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Pasanathe milungu iwiri malata anafika kuchokera pa Boma pa njinga ziwiri za kabaza, akulira njira yonse moti ana a m'mudzi anawaperekeza mpaka pakhomo. Amalume anaimirira pabwalo n'kumalamula amisiri ngati ali kuesiteti, akuwerenga misomali ndi kukana mitengo yokhota. Masheya awo akale sanagulitse, koma sanawonjezerenso. Mvula yoyamba itagwa tinalephera kumvana m'nyumba chifukwa cha phokoso la padenga, ndipo amayi ankangoseka, akuloza kumwamba.

Kusukulu ndinauza aliyense kuti malata athu agulidwa ndi phindu la kampani ya amalume. Ndinanenanso zomwezo pamaso pa amayi ndi amalume kangapo, ndipo palibe anandikonza. Chaka chonsecho ndinkayenda ngati mphwake wa munthu amene anagwedeza Blantyre. Ndinkadziwa kuwomba m'manja kwa mtundu umodzi wokha, kwa kusukulu, kopatsa amene wakhoza. Sindinkadziwa kuti akuluakulu ali nakonso kwina, kumene amawomba munthu akagwa pagulu, kuti adzuke phokoso lisanathe.