Mlonda wa Mchenga wa ku Bangwe

Inu amene mwatopa ndi kudikira, imvani za mayi Petronela.

Galimoto ya boma inakwera kumtunda kwa Bangwe mu Epulo, chaka cha 2010, patangopita tsiku limodzi chiikireni mwana wake m'manda. Anthu anali asanabalalike pasiwa. Mwanayo anali Chisangalalo, ndipo anamwalira ndi chikuku atatsala pang'ono kukwanitsa chaka.

Petronela kwawo kunali ku Ngabu. Anabwera m'tauni ndi mwamuna wake, mwamunayo n'kupitirira ku Joni osabwerako. Iye anatsala m'kanyumba ka lendi, akudyera hamala. Ankaswa miyala m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa pa wilibala kwa omanga nyumba.

Dera lawolo linalibe chipatala. Alangizi a zaumoyo ankabwera kamodzi pamwezi n'kukoloweka sikelo panthambi ya mango. Kukagwa mvula sankabwera, poopa kunyowetsa mabuku ndi mankhwala. Chaka chimenecho mvula inagwa pa tsiku la sikelo miyezi itatu yotsatizana, ndipo katemera wa chikuku anamuphonya Chisangalalo. Petronela ankati apita naye kuchipatala cha kumunsi akangogulitsa miyala imene inalipo. Miyala inachedwa kugulidwa. Mawu amenewa sanawauzepo munthu, ankangowatula kwa Mulungu.

Chopweteka n'chakuti nyumba ya sikelo inali italonjezedwa kale. Zaka ziwiri m'mbuyomo, a ku ofesi ya thumba la chitukuko anauza anthu kuti boma lipereka simenti, malata ndi mmisiri. Anthu okha ayambe asonkha njerwa, mchenga ndi miyala, ndipo a ku ofesi adzabwera kudzaona mulu asanatulutse kanthu.

Anthu anasonkhadi. Amayi anasenza mchenga kuchokera kumtsinje, abambo anaumba njerwa n'kuwotcha. Petronela anapereka miyala imene akanadyera miyezi iwiri. Kenako anadikira. Dzinja loyamba mchenga unatsetsereka ndi madzi kubwerera kumene unachokera. Dzinja lachiwiri njerwa zinayamba kusowa, uyu zitatu za mafuwa, uyu khumi zokonzera bafa.

Tsono tsiku lija bwana anatsika m'galimoto atanyamula fayilo. Dzina lawo anali a Hawkins. Mayi Gertrude, wapampando wa komiti ya chitukuko, anathamanga kuchokera pasiwa, chitenje chili m'manja.

"Mulu wanu uli kuti, mayi?" anafunsa a Hawkins.

"Bwana, munati mubwera pakatha masabata awiri. Zatha zaka ziwiri."

"Madera ndi ambiri, galimoto ndi imodzi. Ine ndimalemba zimene ndaona. Pano ndikuona udzu."

Analemba uku akutchula mokweza kuti onse amve: "Anthu a kuno alibe chidwi ndi chitukuko."

Petronela anali ataima kumbuyo kwa anthu, kumutu atamanga duku lakuda. Anamva liwu lililonse. Galimoto podutsa pasiwa, dalaivala anavula chipewa. Bwana anali pa foni.

Alibe chidwi! Manja ake anali ong'ambika ngati nthaka ya mu Okutobala chifukwa cha miyala imene anapereka. Mwana wake anali pansi pa dothi losauma. Ndipo munthu wa nsapato zowala analemba kuti iye alibe chidwi. Sanalire. Mumtima munatentha moti ngakhale pemphero la Atate Athu sanathe kulifikitsa kumapeto.

Mwambo wa kusesa pamaliro utatha, Petronela anasenza hamala yake n'kusamukira pamalo paja panayenera kumangidwa nyumba ya sikelo. Panali patali ndi msewu, ndipo ogula miyala sankafikako kawirikawiri. Mayi Gertrude anamupeza akulambula udzu.

"Mwana wanga, ukufuna kufa ndi njala? Kuno akugula ndani?"

"Amama, vuto si kusonkha. Tinasonkha. Vuto ndi lakuti tsiku lobwera silidziwika. Ndiye mulu uzikhalapo tsiku lililonse. Akabwera mawa aupeze, akabwera ine nditachita imvi aupezenso."

Kuyambira pamenepo, pa ndowa khumi zilizonse zimene waswa, imodzi ankathira pa mulu wa chitukuko. M'mawa asanagwire hamala ankatsikira kumtsinje kawiri kukasenza mchenga.

Anthu anamuseka. Lendi ndi lendi, ankatero, mawa landilodi akakuthamangitsa sikeloyo idzapindulira ndani? Anyamata a pa bawo anamupatsa dzina.

"Mlonda wa mchenga! Boma lakulipira bwanji mwezi uno? Yunifolomu ibwera liti?"

Iye ankangotsitsa hamala pamwala. Mawu amene akanawayankha ankathera m'miyalamo.

Koma Mulungu sasowa anthu ake. Panali bambo wina wokankha wilibala, a Ambrosi, amene ankanyamula katundu kumalo omanga nyumba. Tsiku lina anatula mtolo wa matumba otha simenti pafupi ndi iye.

"Asisi, mchenga wapoyera ndi wa mvula. Muziuthira umu, n'kusanja ngati mpanda."

"Ndikupatsani chiyani, achimwene?"

"Mundipatse mpata ndidutse, wilibala ikulemera."

Anthu a mu mphakati wa ku tchalitchi kwa Petronela anayamba kumabwera Loweruka, awiri kapena atatu. Mayi wogulitsa zitumbuwa ankamusiyira zophwanyika pa pepala. Chaka chisanathe, abambo anachita manyazi kuona mkazi mmodzi akulimbana ndi phiri. Anaumbanso njerwa. Petronela anazisanja n'kuzimata ndi dothi mbali zonse, kuti wochotsa ngakhale imodzi aonekere.

Anaonekeradi. Bambo wina anagumula pakona n'kutenga njerwa makumi awiri. Petronela anatsatira mapazi a wilibala mpaka pakhomo pake, n'kukhala pansi pabwalo, manja pamiyendo. Sanatukwane. Anangokhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, anthu odutsa akufunsa chimene chachitika. Njerwa zinabwerera, ndi zina zisanu zapamwamba.

Mwezi uliwonse iye ndi mayi Gertrude ankapita ku ofesi m'tauni. Bwana ali ku semina ku Mangochi. Bwana ali ku maliro. Galimoto ilibe mafuta. Fomu yanu inali ya chaka chatha, lembani ina. Ankakhala pa benchi tsiku lonse, n'kubwerera wapansi kuchokera ku Limbe.

Zinatha zaka zitatu.

Mu Juni 2013 galimoto inakweranso. Anatsika a Hawkins omwe aja, atanenepako. Anapeza mchenga m'matumba wofika m'chifuwa, miyala ngati chulu, njerwa zosanjidwa bwino. Anazungulira, n'kugwedeza mutu.

"Mwayesetsa. Koma pepani, malamulo anasintha. Thumba lino silimanganso ndi njerwa zowotcha, zikutha mitengo. Pano ndi mabuloko a simenti. Kalata simunalandire?"

"Kalata yake iti?" anafunsa mayi Gertrude.

"Inatuluka chaka chatha. Mulembenso fomu, tidzabwera kudzaona."

Anatseka fayilo n'kulowa m'galimoto.

Kanjira kotsikira kumsewu n'kopapatiza, mbali ina phompho, mbali ina mpanda. Petronela anagwira wilibala ya a Ambrosi, imene inali yodzaza ndi miyala, n'kukaikhuthula pakati pa njira. Anabwerera, nadzazanso, nakhuthulanso. Kenako anakhala pamwamba pa miyalayo.

"Mayi, mukudziwa kuti imeneyi ndi galimoto ya boma?" anakuwa a Hawkins. "Ndiitana apolisi!"

"Aitaneni, bwana. Mwina iwo sachedwa zaka zitatu."

Anthu anaseka, koma Petronela sanaseke.

"Tsiku lija munalemba kuti tilibe chidwi, ine ndinali nditangoika mwana wanga. Munati mumalemba zimene mwaona. Lero mwaona. Lembani."

A Hawkins anayang'ana anthu, amene tsopano anali atadzaza njira yonse, amayi ambiri ali ndi ana kumsana. Anayang'ana dalaivala. Dalaivala anazimitsa injini n'kupinda manja.

Bwana anatsika. Analemba pa boneti kuti dera lakwaniritsa mbali yake, nasainira, mayi Gertrude n'kusainiranso. Petronela sankadziwa kuwerenga bwino, choncho anapempha mphunzitsi wina amene anali pagululo kuti awerenge mokweza kawiri. Atatero m'pamene anayamba kuchotsa miyala panjira, ndi manja ake omwe.

Simenti inafika patatha miyezi inayi, pamodzi ndi mmisiri ndi chikombole choumbira mabuloko. Njerwa zija anazipereka kusukulu ya pulayimale, zinamanga zimbudzi. Mmisiri atafika anaima pamalo pamene Petronela ankaswera miyala, n'kufukula pansi ndi phazi.

"Fumbi la miyala lonseli n'landani?"

"Ndi zinyalala zanga. Ndizichotsa."

"Muchotse? Mayi, buloko yolimba imafuna limeneli. Ena amachita kukagula ku kwale."

Anamuphunzitsa kasakanizidwe kake, kutsendera m'chikombole, ndi kuthirira mabuloko masiku asanu ndi awiri. Oyamba anaphwanyika onse. Achiwiri anapindika. Pofika sabata yachitatu, mmisiri ankaponya buloko ya Petronela pansi, iyo n'kungodunda osasweka.

Nyumba inatha mu Novembala 2014: zipinda ziwiri, khonde lalikulu, mabenchi a simenti. A ku ofesi anabwera, anakhoma loko pachitseko, kiyi n'kupita naye. Anati nyumba ya boma siyamba kugwira ntchito isanatsegulidwe ndi akuluakulu, ndipo akuluakuluwo adzapezeka akadzapeza mpata.

Disembala anadutsa. Mu Januwale kunagwa mvula yoopsa ija imene inagwetsa nyumba zambiri mu Blantyre, ndipo sikelo inalephereka. Mu Febuluwale mlangizi wa zaumoyo anabwera ndithu, atakulunga bokosi la katemera m'pulasitiki. Amayi oposa makumi asanu anaunjikana pakhonde, mphepo ikuwamenya ndi madzi, ana akulira. Chitseko chinali chokhoma. Mkati munali mouma, mopanda munthu.

"Sindingabaye ana pamvula chonchi," anatero mlangizi. "Tidikire mwezi wamawa."

Petronela anali ataima chapatali. Anaona mtsikana wina wamng'ono, mwana woyamba kumsana, akutembenuka kuti azibwerera kwawo.

"Iwe, wako ali ndi miyezi ingati?"

"Naini, amama."

"Ima pomwepo."

Anapita pamene panali zida zake n'kubwera ndi hamala. Anachita chizindikiro cha mtanda. Loko uja anangofuna kumenya kumodzi.

"Mayi Petronela, atimanga!" anatero mlangizi.

"Amanga ine. Inu lowani mubaye ana."

Tsiku limenelo ana makumi asanu ndi mmodzi anakwera sikelo pansi pa denga, ndipo khumi ndi anayi analandira katemera. Madzulo ake Petronela anagula loko watsopano, n'kukapereka kiyi mmodzi kwa mlangizi, wina kwa mayi Gertrude. Apolisi sanabwere.

Akuluakulu anabwera mu Ogasiti, ndi magalimoto asanu ndi atatu. Anadula riboni pachitseko chimene chinali chitayamba kale kuda ndi manja a ana. Analankhula za boma loganizira anthu ovutika. Dzina la Petronela silinatchulidwe, ndipo mpando sanamupatse. Iye sanakhalitse. Anali ndi oda ya mabuloko mazana atatu ku Namiyango.

Pajatu anthu amene anaona khoma la nyumba ya sikelo anayamba kufunsa amene anaumba. Anayamba ndi chikombole chobwereka. Pofika 2018 anali ndi zikombole zinayi zakezake, amayi asanu ndi awiri omuthandiza, onse oswa miyala akale, ndi a Ambrosi oyang'anira zonyamula. Anachoka pa lendi. Madera ena akamva kuti thumba la chitukuko lawalonjeza kanthu, amatuma anthu kudzamufunsa nzeru. Amawauza zitatu zokha: mchenga muziika m'matumba, chilichonse a ku ofesi achite kulemba inu mukuona, ndipo pamulu pasamachoke munthu.

Mukamufunsa ngati anakhululuka, sabisa.

"Ndimapemphera kuti ndikhululuke," amatero. "Sindinafike."

Abale anga, nyumba ya zipinda ziwiri siyenera kudya zaka zisanu ndi ziwiri. Thandizo la boma si mphatso ya bwana, ndi lanu, ndipo wolichedwetsa adzayankha kwa Mwini ana. Sindikukutumani kukaswa maloko. Ndikuti mkwiyo wanu musauthere pa bawo kapena m'minibasi. Upatseni ntchito. Pali chimene munalonjezedwa kwanuko, mjigo, mlatho, kalasi, ndipo onse anatopa nacho. Mawa m'mawa pitani mukaime pamalopo, ngakhale muli nokha, ngakhale akusekeni. Gwadani, dzukani, senzani ndowa yanu. Mtima usagwe, ndipo pamulu musachokepo.