Chithunzi cha ku Alabama

Chithunzi chija chinangokhala sabata imodzi pamwamba pa wailesi yakanema kunyumba kwathu ku South B, dera la mumzinda wa m'dziko la eni momwe tinkakhala. Chinali cha amalume, mlongo wawo wa amayi, tsiku lomwe anamaliza maphunziro a zaulimi ku Alabama, ku Amereka. Anali atavala mkanjo pakati pa anzawo, ndipo onsewo, ndi aphunzitsi omwe, anali anthu akuda.

Apa ndiye panagona nkhani. Amayi anali atalengeza kale kutchalitchi kuti mlongo wawo akuphunzira ndi azungu. Mayi wina wa m'kwaya atachiyang'anitsitsa anafunsa ngati kumeneko kunalidi ku Amereka, ndipo tsiku lomwelo chithunzicho chinalowa m'sutikesi. Lero ndimachita manyazi, chifukwa nanenso ndinkakayika.

Inali nyengo ya mvula ya Epulo. Chibwerereni, amalume ankagona pabalaza pathu, ntchito osaipeza. Nsapato zawo zinkauma pawindo, zikununkha matope a ku Industrial Area, kumafakitale komwe ankakafunafuna ntchito. Abambo ananena kuti Juni akafika zinthu zili choncho, amalume abwerere ku Ntcheu. Ndinkaopa kwambiri, poti ndinkawakonda.

Kenako bungwe lina lothandiza alimi kudera la Karen linawaitana. Amayi anawasitira shati n'kuwalangiza kuti, "Ukangoti Amereka basi. Zoti ndi koleji ya anthu akuda usakatchule."

Koma amalume anali nkhutukumve, anakatchula. Mwayi wake, bwana wa bungwelo anali mayi wakuda wochokera ku Alabama komweko. Bambo ake anali ometa pafupi ndi koleji yotereyo, ndipo mitu ya ophunzira ndi imene inalera banja lonse. Akuti tawuni yawo yonse inkadyera pomwepo, kuyambira ochapa zovala mpaka eni nyumba za lendi, ndipo madokotala ndi aphunzitsi ambiri akuda a m'chigawocho anadutsira m'makoleji amenewo. Za feteleza anakambirana kumapeto.

Amalume anabwera atanyowa, atakwera maminibasi awiri, ntchito ataipeza. Amayi anakhala pansi kukhitchini, akuseka uku misozi ikutsika. Mtima wanga unakhala m'malo.

Tikudya ndinafunsa chifukwa chake anthu akuda anamanga makoleji awoawo.

"Kumakoleji a azungu sankawalola kulowa," anatero amalume.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinangoganiza kuti mwina ankafika mochedwa, monga momwe mlonda wa pasukulu pathu ankatitsekera geti belu likalira.